Galu Wachitsulo ndi Mpweya wa Layitoni

Ndikulumbira pali manda a mayi anga kuseri kwa phiri la Chambe kuti m'nkhani ino mulibe liwu labodza ngakhale limodzi. Ngati lilimo, mphenzi ing'ambe denga langa dzuwa likuswa mtengo, ndipo mawondo anga atsopanowa achite dzimbiri. Ine sukulu ndinangodutsa pakhomo pake ndikuthamangitsa mbuzi, choncho kupeka sindikudziwa. Amapeka ndi ophunzira. Ine ndimanena zimene ndinaona, ndipo maso angawa amaona nyerere ikuyenda pa Sapitwa ine ndili pa Chitakale.

Chinali chaka cha 2091. M'mawa uliwonse pa Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje, anthu makumi anayi ankaima pamzere atatambasula mikono. Pa mkono uliwonse panali chibangili chakuda chotchedwa Kalondera. Chibangilicho chinkasuzumira m'magazi osaboola khungu, kenako n'kulankhula Chichewa chosalala kuposa cha wowerenga nkhani pa wailesi.

"Mwadzuka bwanji a Layitoni. Maketoni anu ali pa awiri. Mutha kunyamuka."

Chikatero, Dokotala Sambani, mayi wamfupi wa magalasi, ankathira pakamwa pa munthuyo sipuni imodzi ya mafuta oyera ngati madzi. Basi. Munthu ankasenza katundu n'kulunjika kuphiri, osafunsanso za kadzutsa.

Nthawi imeneyo magalimoto anali atayamba kale kudziyendetsa okha, makasu ankalima okha, ngakhale munsi unkasinja wokha mwini wake ali khale. Koma phiri la Mulanje linakana. Tindege tonyamula katundu tikangolowa m'chiperoni tinkazungulira mutu n'kukagwera m'minda ya tiyi. Choncho mbande za mkungudza zokabzala pamwamba zinkafunabe msana wa munthu. Vuto linali kamba. Munthu wokatha masiku atatu m'phiri, theka la katundu wake linkakhala ufa ndi mbatata. Apa ndiye dokotala uja anabwera ndi nzeru zake, n'kusankha anthu makumi anayi athanzi, opanda nthenda ngakhale chimfine, kuti aone ngati munthu angayendere mafuta kwa masiku makumi asanu ndi limodzi.

Ine anandifotokozera kamodzi kokha, ndipo ndinamva msanga kuposa ana ake a ku yunivesite. Thupi la munthu lili ngati khitchini yokhala ndi nkhuni ndi makala. Nkhuni ndi shuga wochokera ku chimanga, mbatata ndi chinangwa. Zimayaka msanga, zimathanso msanga. Makala ndi mafuta. Nkhuni zikatha, chiwindi chimatenga mafuta n'kuwaphwanya kukhala timakala ting'onoting'ono totchedwa maketoni, ndipo ubongo ndi minofu zimawotha pamenepo osadandaula. Mafuta a mtedza amayenda ngati basi yoima paliponse, koma a dokotalawa, oyengedwa kuchokera ku kokonati, ankathamangira kuchiwindi osaima. Anthu anawatcha Chikoleza. Malamulo ake anali awiri. Usadye zaufa kapena zotsekemera, chifukwa chiwindi chikaona nkhuni chimasiya makala. Ndipo sipuni ikhale imodzi. Wina wadyera anamwa zitatu, ndiye anatsika phiri lonse akuthamanga, tchire lililonse akulipatsa moni.

Mwa anthu makumi anayiwo, katswiri anali Layitoni Muhiwa, mwana wa mlongo wanga. Mphamvu anatengera ine. Ankasenza mbande mazana anayi, pamwamba pake n'kuikapo chikwama cha dokotala, ndipo tsiku lina dokotalayo atatopa anamuikanso pomwepo. Mowa sanaulawepo chibadwire. Ngakhale thobwa likangoyamba kuwawasa ankalitaya.

Layitoni ameneyu anakonda Jenala, mtsikana wa kwa Mbewa amene ankakonza tindege tija tikagwa, ndipo nkhoswe yake ndinali ine. Dziwani kuti ine ndamanga maukwati mazana atatu ndipo palibe umene unatha, kupatula anga awiri, amene ankhoswe ake anali ena.

Koma Jenala anali ndi mayi ake, mayi Nalikata. Mayi amenewa mwamuna wawo anafa ndi kachasu. Anamwa njinga, anamwa malata a nyumba, pomaliza kachasuyo anamwa iyeyo. Tsiku loika maliro mayiwo analumbira pamanda kuti mwana wawo sadzakwatiwa ndi munthu wonunkha mowa, olo akhale mwini wake wa Mwezi.

Tsono mukudziwa mwambo wathu. Apongozi ndi mkamwini sayandikana. Akakumana panjira, wina amalowa patchire. Ndiye mayi Nalikata akanamununkhiza bwanji mkamwini? Anagula galu wachitsulo. Agalu amenewa kale ankakhala pamsewu kununkhiza madalaivala oledzera, koma magalimoto atayamba kudziyendetsa okha anasowa ntchito n'kugulitsidwa pamsika ngati mapoto akale. Wawoyo anamutcha Mwaonekera. Anali atathamangitsa kale amuna asanu ndi awiri, mmodzi wa iwo mkulu wa mpingo.

Tsiku lokaonekera linali Loweruka masana. Layitoni anali atatha masiku makumi anayi pa Chikoleza. Tinakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mapeyala, ine, iyeyo ndi a Mulepa, mchimwene wa mayi Nalikata, amene anali nkhoswe ya kuchikazi. Mayiwo anakhala patali pakhonde, atatembenukira kumbali monga mwa ulemu. Kenako anaomba m'manja kawiri.

Galu uja anatuluka, miyendo ikulira kwee kwee. Anandinunkhiza ine n'kudutsa, popeza ndinali nditakonzekera posiya mowa kuyambira Lachitatu. Ananunkhiza a Mulepa n'kudutsa. Atafika pa Layitoni anaima. Maso ake anafiira psuu, ndipo anayamba kuuwa mawu amodzi okhaokha amene ankawadziwa: "Mowa. Mowa. Mowa."

Kunena zoona, fungolo nanenso ndinali nditalimva panjira. Linali ngati la masuku amene agona padzuwa masiku atatu. Koma ndinkayesa mafuta odzola a anyamata a masiku ano.

Layitoni sakanatha kuwayankha apongozi maso ndi maso. Anandinong'oneza ine, ine n'kuuza a Mulepa, a Mulepa n'kuyenda mpaka pakhonde kukauza mlongo wawo, yankho n'kubwereranso njira yomweyo. Tinayenda chotero mpaka udzu unafa pakati pa mphasa ndi khonde. Ine ndinalankhula mawu okoma moti mapeyala awiri anapsa mumtengo n'kugwa, koma mayiwo sanasunthe. Anati malemu amuna awo nawonso ankati ndi mankhwala a chifuwa.

Pomaliza anagamula okha. Anati munthu woledzera ukamutsekera masiku atatu fungo limatha, ndiye ngati mnyamatayu anangolawa kamodzi mwangozi, galu adzakhala chete tsiku lachitatu ndipo adzamukhululukira. Anamulanda botolo la Chikoleza limene ankayenda nalo n'kumutsekera m'kanyumba kosungiramo makasu. Za chakudya anakana phala, anakana thobwa, anakana nzimbe ndi papaya, chifukwa malemu aja ankabisa kachasu m'zonsezo. Papaya ankamuboola ndi jakisoni. Analola madzi otunga okha pa mjigo, ndi mazira owiritsa osasenda.

"Dzira lilibe khomo," anatero mayi Nalikata. "Palibe angalowetsemo kanthu."

Nzeru zinali zabwino, ndipo ine ndinazivomereza ndi manja awiri. Palibe mwa ife amene anaganiza kuti dzira lilibenso nkhuni. Munthu wodya mazira awiri patsiku ndi madzi, chiwindi chake chimayamba kuphwanya mafuta a m'thupi momwe, botolo likhalepo kapena lisakhalepo. Layitoni akanatha kudandaula za njala, koma mkamwini amene amapempha chakudya kwa apongozi ndi mkamwini wanji? Anangokhala pa thumba la fetereza, Kalondera akumuyamikira m'mawa uliwonse kuti maketoni ake akwera bwino kwambiri.

Tsiku lachitatu m'mawa a Mulepa atatsegula chitseko, fungo linatuluka ngati munthu. Ntchentche zinagwa pansi zikuseka. Mbuzi ziwiri za pakhomopo zinaimirira ndi miyendo yakumbuyo n'kuyamba kuvina tchopa. Galu uja anauwa mpaka utsi unatuluka m'makutu.

Mayi Nalikata sanakalipe. Anauza a Mulepa kuti auze ine kuti ndiuze Layitoni kuti iwo anaonapo amuna omwa kachasu, koma wotcheza kachasu m'mimba mwake anali asanamuonepo, ndipo ukwati watha.

Layitoni anatuluka ali woongoka ngati mlongoti. Anagwada kutali, anathokoza chifukwa cha mazira, n'kumapita. Titafika pa mlatho anandifunsa kuti, "Atsibweni, kodi munthu angalape bwanji tchimo limene sanachite?"

Jenala ndiye sanalire. Anakwera njinga yake youluka n'kukamutenga Dokotala Sambani pa Likhubula, n'kudzamutsitsa pabwalo la mayi ake fumbi lili koboo. Dokotalayo anafotokoza zonse mofatsa. Anati maketoni akachuluka, ena amatuluka ndi mpweya wa pakamwa, ndipo amanunkha ngati zipatso zosasa. Anati galuyo ndi wakale, anapangidwa nthawi imene anthu sankayendera mafuta, choncho mphuno yake sisiyanitsa. Anavomeranso kuti iye ankayang'ana manambala a m'magazi okha, za fungo analemba kumapeto kwa pepala ngati nkhani yaing'ono, osadziwa kuti kwathu kuno fungo limathetsa ukwati.

Mayi Nalikata anamvetsera mpaka kumapeto, chifukwa mlendo sadulidwa mawu. Kenako anati Chizungu chotembenuzidwa m'Chichewa anachimva chambiri kuchipatala nthawi imene amuna awo ankatupa mimba, ndipo sichinadzutse munthu. Iwo akhulupirira mphuno ya galu wawo.

Apa Jenala analowa m'nyumba n'kutuluka ndi botolo lija, n'kuliika pamiyendo pa mayi ake.

"Amayi, galuyo ndi wanu, pakamwa panu ndi panunso, ndipo mowa simunaulawepo. Imwani sipuni imodzi m'mawa, mudye mazira anu aja masiku anayi. Galu akakhala chete, ine dzina la Layitoni sindidzalitchulanso."

Mayiwo anayang'ana botolo, anayang'ana mwana wawo, n'kunena kuti avomera, osati chifukwa akukayika, koma kuti nkhaniyi ithe. Dokotala anayamba wawayeza magazi ndi mtima n'kupeza kuti ndi athanzi ngati ng'ombe yapangolo, chifukwa anati munthu wa matenda a shuga sayenera kuseweretsa zimenezi.

Lolemba galu anali chete. Lachiwiri chete. Lachitatu anangopendeketsa mutu. Mayi Nalikata anayamba kuyenda monyada, ndipo chodabwitsa n'chakuti njala inawathawa. Analima munda wonse wa nandolo ndi khasu lamanja, khasu lodzilimira lija likuwayang'ana mwamanyazi. Lachinayi masana anavala bulauzi yoyera ndi duku loyera n'kupita ku msonkhano wa amayi kutchalitchi, kumene anali msungichuma komanso wodzudzula wamkulu wa amuna a anzawo. Galu anawatsatira pambuyo monga mwa masiku onse.

Ine ndinali panja pawindo, chifukwa nkhoswe yeniyeni imapezeka paliponse. Anaimba nyimbo yoyamba bwinobwino. Pa yachiwiri mayi Nalikata anakweza mawu, mpweya wonse n'kutuluka. Galu anadzuka pakhomo, anayenda pakati pa mabenchi kwee kwee, anaima patsogolo pa mbuye wake, maso n'kufiira.

"Mowa. Mowa. Mowa."

Nyimbo inafera m'khosi. Amayi makumi asanu anatembenuka. Amayi apampando, amene mwana wawo anali mmodzi wa amuna asanu ndi awiri othamangitsidwa aja, anayandikira pang'onopang'ono, ananunkhiza, n'kubwerera m'mbuyo atagwira duku pamphuno. Mayi Nalikata anayesa kufotokoza za chiwindi, nkhuni ndi makala, koma pakamwa pamene pakununkha masuku, mawu anzeru amamveka ngati a munthu wochokera ku shabini.

"Pepani mayi," anatero apampando mokoma mtima. "Malemu amuna anu nawonso ankati ndi mankhwala a chifuwa."

Mayi Nalikata anatola Baibulo lawo n'kutuluka. Sanathamange. Anayenda ali oongoka ngati mmene anayendera Layitoni, ndipo ndikhulupirira kuti panjira pomwepo anakumbukira mayendedwe amenewo.

Atafika kunyumba anakumba mbatata dengu lathunthu n'kuziphika, anatumiza Jenala kukapempha thobwa latsopano kwa oyandikana nawo, n'kuuza a Mulepa kuti akatitenge. Tinafika dzuwa lisanalowe, n'kukhala pamphasa yomwe ija. Tsono apa panachitika chinthu chimene sichinachitikepo kuyambira pamene phiri la Mulanje linali chulu. Mayi Nalikata anatsika pakhonde, anayenda njira ija tinapha udzu, anagwada n'kuika mbale patsogolo pa mkamwini ndi manja awo. A Mulepa anafuna kugwa. Layitoni anafuna kuthawira patchire, koma ndinamugwira lamba.

"Bambo," anatero mayiwo, akumuyang'ana m'maso, "ndinakutsekerani ngati mbuzi pa mlandu umene simunapalamule. Lero ndaulawa ndekha. Idyani, nane ndidya, galuyu atiweruze tonse mawa."

Layitoni anatenga mbatata. Nthawi yomweyo Kalondera analankhula pamkono pake, kumuchenjeza kuti kwatsala masiku ochepa kuti amalize, ndipo akadya zimenezo maketoni atsika, dzina lake lichotsedwa pa gulu la dokotala. Dziwani kuti womaliza bwino pa gululo ankayembekezeka kukhala kapitawo wa onyamula mbande onse, ndipo Layitoni ndiye anali patsogolo. Mnyamatayo anayang'ana chibangili, anayang'ana Jenala amene anaima pakhomo la khitchini. Kenako anavula chibangilicho n'kuchiika m'thumba langa, momwe chinapitiriza kudandaula chokha.

Anadya mbatata makumi atatu ndi ziwiri. Ndinawerenga. Thobwa anamwa ndowa, apongozi ake chikho chimodzi. Taganizani, fungo la mowa kuchotsedwa ndi thobwa.

M'mawa mwake mudzi wonse unasonkhana, amayi a bulauzi zoyera ali kutsogolo. Galu ananunkhiza Layitoni, ananunkhiza mayi Nalikata, anabwereranso kwa Layitoni ngati sakukhulupirira, kenako anagwedeza mchira wake wawaya n'kukagona pamthunzi. Chinkhoswe tinachita mwezi womwewo, ndipo ine ndinavina mpaka mawondo anga akale anatha, n'chifukwa chake ndili ndi atsopanowa. Ukapitawo unapita kwa wina. Dokotala Sambani analemba nkhani ya fungo ija pa tsamba loyamba la buku lake, ndipo anandiuza kuti dzina langa lilimo kasanu, ngakhale sindingathe kuliwerenga.

Koma chimene sitinachiganizire chinabwera pambuyo. Pasanathe miyezi iwiri, chidakwa chilichonse kuyambira pa Chitakale mpaka ku Muloza chinali ndi kabotolo ka Chikoleza m'thumba. Munthu ankafika kunyumba akukwawa, nsapato imodzi itatsala mumtsinje, mkazi akafunsa iye n'kutulutsa kabotolo kuti ndi maketoni. Mafutawo ankagulidwa kwambiri pafupi ndi mashabini kuposa pa Likhubula, ndipo ambiri mwa mabotolowo sanatsegulidwe n'komwe. Agalu achitsulo onse anasiya kukhulupiridwa, ngakhale pamene ankanena zoona. Azimayi anayamba kubweretsa amuna awo kwa mayi Nalikata kuti awaweruze, poti iwo ndiwo anali atalawa mbali zonse.

Mayiwo galu uja anamuchotsa batire n'kumuika pakhonde kuti nkhuku ziziikira mazira pakati pa miyendo yake. M'malo mwake anajambula mzere pansi, kuchokera pakhonde mpaka pa mtengo wa mapeyala, pomwe paja panafa udzu. Mwamuna aliyense wobweretsedwa kwa iwo ankamusenzetsa ndowa yodzaza madzi n'kumuuza kuti ayende pamzerepo. Wa maketoni ankafika madzi osatayika. Wa kachasu ankasamba. Ndinawamva ndekha akuuza mkamwini wawo Layitoni, amene tsopano ankakhala naye pamphasa imodzi anthu n'kumadabwa, kuti zaka zonse zija ankafunsa pakamwa pa munthu, chonsecho amene sanama ndi mapazi.

Tsono pali mphunzitsi wina wopuma ntchito, a Kholowa, amene ndikamakamba nkhaniyi pa chigayo amagwedeza mutu. Akuti zina zonse angazilole, za chiwindi akuti zili m'mabuku, koma mpweya wa munthu sungaledzeretse mbuzi, ndipo mbuzi singavine tchopa. Zamkutu zimenezo. Iwo tsiku limenelo anali kuti? Mbuzi imodzi mwa ziwirizo ndinaidya ndekha pa chinkhoswe, ndipo mwendo wake unkagundabe pansi uli m'mbale.